Nkhonya za M'sutikesi

Amene amalemba mbiri ya kuwerenga m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amakonda kuyambira ku mishoni, ndipo salakwa. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika pa Mvera m'chaka cha 1889 ndi pa Kongwe mu 1894, ndipo kuchokera m'malo amenewa sileti, katekisimu ndi buku la nyimbo zidafalikira m'midzi yambiri. Komatu padali khomo linanso lomwe zolembedwa zidalowera kwathu kuno, khomo lomwe olemba mbiri saliwerengera kwenikweni. Khomoli ndi sutikesi ya munthu wobwerako ku Joni. Pansi pa bulangete, jekete ndi nsapato zonyezimira pankagona magazini awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri m'kati mwake munkakhala chithunzi cha amuna awiri ovula malaya atakungirana zibakera.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri mwa iwo atalembedwa ndi bungwe la Wenela. Mu April 1974 ndege ya bungweli idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Ulendowu udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, ngakhale kuti opita adali ochepa poyerekeza ndi kale, kenaka udatsekeka mu 1988. Choncho magazini a m'masutikesi ali ngati chitsime chomwe kasupe wake adauma. Omwe atsala ndi omwewo, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera.

Ntchito yanga ya m'boma imandiyendetsa m'midzi, kuyambira ku Nambuma, Mponela ndi Madisi mpaka ku Malomo, Kamsonga ndi Chinthembwe, ndipo ndikaweruka ndimafunsa eni mudzi ngati pali mapepala akale omwe adatsala. Ambiri amandiseka. Pepala kumudzi lili ndi adani ochuluka: chiswe, makoswe, denga lodontha, mwana wofuna chokutira kope lake, mayi wogulitsa zitumbuwa, komanso gogo wofuna kupichira fodya wake wa chingambwe. Magazini omwe apulumuka ndi omwe adatsekeredwa m'sutikesi ya malemu, yomwe a pabanja amaopa kuitsegula wamba. Gogo wina cha kumunsi kwa phiri la Ntchisi, pondipatsa magazini atatu a Drum opanda zikuto, adati, "Tengani mwanangu. Malemu agogo anu Chingerezi sankachidziwa, koma akafika pa ankhonyawa ankakhalapo mpaka dzuwa kupendeka." Ena ndidawagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndi komwe ndidapezako makope angapo a The Ring ya ku America.

Mawu a gogowa ndi omwe adanditsegula maso pa chifukwa chomwe nkhonya zidali ndi malo otere m'masutikesi. Nkhani ya ndale imafuna chinenero, nkhani ya chikondi imafunanso chinenero, koma chithunzi cha munthu ataimirira ndipo mnzake ali chogona pansi chimamveka kwa aliyense. Tsamba la nkhonya lidali tsamba lomwe wopita kusukulu ndi wosapita ankakumanirapo. Wina ankawerenga mawu, wina chithunzi, onse n'kumatsutsana ngati anthu omwe adaliko. Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti magaziniwa sayenera kungosungidwa ngati ndalama zakale zija za mapeni oboola pakati. Ayenera kuwerengedwa ndi kuweruzidwa monga momwe timachitira ndi zolemba zina zonse, pofunsa kuti wolemba adaona chiyani, adasiya chiyani, nanga adaima mbali ya yani.

Ndiyambe ndi The Ring. Magaziniyi idayamba ku New York mu 1922 ndipo mkonzi wake, Nat Fleischer, adaiyendetsa mpaka pomwe adamwalira mu 1972. Mphamvu yake yagona pa kaundula. Imakuuza kuti wakuti adamenyana ndi wakuti tsiku lakuti, ankalemera mwakuti, adagwa m'ndime yakuti, ndipo mwezi ndi mwezi inkasanja ankhonya pamndandanda kuyambira katswiri mpaka wa nambala 10. Ife a m'boma timaidziwa ntchito yotere ndipo timailemekeza, pakuti dziko lopanda kaundula limakhalira kukangana. Kalembedwe kake n'kowongoka, kosazungulira, ndipo wolemba wachinyamata angaphunzirepo kufotokoza chochitika mwatsatanetsatane popanda kuthira mchere wambiri.

Koma kaundula naye ali ndi mwini wake. Muhammad Ali atasiya dzina loti Cassius Clay mu 1964, The Ring idapitiriza kwa zaka zingapo kumutchula dzina lomwe iye adalikana. Mu 1966, chaka chomwe Ali adagonjetsa aliyense yemwe adamuyandikira, magaziniyi idasankha kusapereka ulemu wa wankhonya wopambana pa chaka kusiyana ndi kuupereka kwa munthu yemwe ankatsutsana ndi boma lake pa nkhondo ya ku Vietnam. Ulemuwo idadzamupatsa mu 2016, patatha zaka 50. Tisaiwale kuti Fleischer yemweyo adakana kumulanda Ali ukatswiri m'magazini yake pomwe mabungwe a nkhonya adamulanda lamba mu 1967, ponena kuti lamba amaluzidwa m'bwalo. Munthu adali ndi mbali ziwiri. Ndipo mu 1977 zidaululika kuti m'kaundula wa The Ring mudalowetsedwa nkhonya zomwe sizidachitike n'komwe, pofuna kukweza ankhonya ena mumpikisano womwe adakonza Don King ndi wailesi yakanema ya ABC. Wowerenga wa ku Dowa, yemwe adaonapo mayina a anthu akufa akulandira makuponi a feteleza, sangadabwe nazo.

Chondidandaulitsa kwambiri ndi momwe olemba a kutsidya kwa nyanja ankaonera Africa. Pa 30 October 1974 Ali adagwetsa George Foreman m'ndime ya 8 mumzinda wa Kinshasa, ndipo atolankhani ochuluka adakhamukira kumeneko, kuphatikizapo Norman Mailer yemwe adatulutsa buku lake lotchedwa The Fight mu 1975. Mukawerenga zambiri zomwe zidalembedwa panthawiyo mupeza kutentha, mvula, ng'oma, khamu lofuula ndi Mobutu Sese Seko. Munthu wa ku Kinshasa wokhala ndi dzina, ntchito ndi maganizo ake ngosowa. Africa adali ngati nsalu yotchinga kumbuyo kwa wojambulitsa: imakongoletsa chithunzi koma palibe amaifunsa kanthu.

Apa ndi pomwe Drum imaposera. Magaziniyi idayamba ku Cape Town mu 1951, posakhalitsa idasamukira ku Johannesburg pansi pa Jim Bailey, ndipo idadzakhala ndi makope apadera a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa. Olemba ake, monga Henry Nxumalo, Can Themba, Todd Matshikiza, Casey Motsisi ndi Nat Nakasa, ankakhala m'makomboni momwemo momwe ankhonyawo ankakhala, ankakwera sitima imodzi ndipo ankafunsidwa chitupa ndi wapolisi mmodzi. N'chifukwa chake wankhonya wa mu Drum ali ndi mayi ake, ali ndi lendi yoti alipire, ali ndi bwana yemwe amamuyitana ngati mwana m'mawa ngakhale kuti usiku wathawo khamu lidamunyamula pamapewa. N'zosadabwitsa kuti Nxumalo, yemwe adayamba ngati mlembi wa zamasewero, ndi yemwenso adaulula nkhanza za m'mafamu a mbatata ku Bethal mu 1952 ndi za m'ndende ya ku Johannesburg mu 1954. Diso lomwe lidaphunzira kuona chibakera chobisika m'bwalo lidathanso kuona chikoti chobisika kufamu.

Taonani nkhani ya Jake Tuli, kamunthu kochepa thupi ka sikelo ya flyweight. Kwawo sakadaloledwa kumenyana ndi mzungu, pakuti nkhonya za pakati pa akuda ndi azungu zidali zoletsedwa ku South Africa mpaka 1973. Adawoloka nyanja, ndipo mu September 1952 adagonjetsa Teddy Gardner ku Newcastle n'kutenga lamba wa British Empire. Kwa The Ring chimenechi chidali mzere wina m'kaundula. Kwa owerenga Drum chidali umboni woti zomwe ankauzidwa tsiku ndi tsiku zokhudza khungu lawo zidali zabodza. Ndikaganiza za mnyamata wa kwa Chiwere kapena kwa Kalumo atakhala pabedi lake lasimenti m'komponi ya mgodi, thupi likuwawa ndi fosholo, akuyang'anitsitsa chithunzi chotere, ndimamvetsa chomwe adachinyamulira mpaka kumudzi. Nayenso Nelson Mandela ankakonda masewerowa, ndipo mu 1957, mlandu wake woukira boma uli m'kati, wojambula wa Drum Bob Gosani adamujambula akuyeserera nkhonya ndi Jerry Moloi padenga la nyumba ina mu Johannesburg.

Sindikuti Drum idali yoyera ngati ufa wa m'mphale. Pafupi ndi chithunzi cha katswiri wakuda, wonyadira khungu lake, mupeza malonda a mafuta oyeretsa khungu olonjeza ntchito yabwino ndi banja kwa yemwe ayere. Tsamba limodzi linkamanga, linzake n'kumagumula. Ndipo pali nkhani ya Ezekiel Dlamini, wodziwika kuti King Kong, yomwe imaonetsa luso la Drum ndi chilema chake pamodzi. Dlamini adali chimphona cha sikelo ya heavyweight chochokera ku Natal, munthu wokonda kudzionetsera, yemwe ankathamanga m'misewu khamu la ana likumutsata. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika: atagonja kwa Simon Mtimkulu, munthu wopepuka kuposa iye, ulemu wake udayamba kutha. Mu 1956 adabaya chibwenzi chake Maria Miya mpaka kufa. Kukhoti adapempha kuti anyongedwe, woweruza adamupatsa zaka 12, ndipo mu 1957 adapezeka atamira m'damu la kundende ya Leeuwkop.

Nakasa adalemba za moyo ndi imfa ya munthuyu mu Drum ya 1959, chaka chomwenso sewero la nyimbo lotchedwa King Kong, momwe mudali Miriam Makeba, lidatchuka. Monga nkhani, njolembedwa mwaluso. Wolemba sathamangira kuweruza, amalola kuti zochita za munthuyo zilankhule zokha, ndipo wowerenga amatsala akumva chisoni ndi mantha nthawi imodzi. Koma funsani kuti Maria Miya adali yani, ankalakalaka chiyani, adamulira ndani. Mbiri yonse yomwe idamangidwa pa King Kong, m'magazini ndi pabwalo la zisudzo, idamusiya mayiyu ngati mwala womwe chimphona chidapunthwapo. Wolemba wa lero yemwe angatengere luso la Drum asatengerenso khungu limeneli.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawa. M'magazini onse omwe ndasonkhanitsa m'maboma awiriwa sindidapezemo tsamba lofotokoza moyo wa wankhonya wa ku Malawi. Owerenga adali athu, ndalama zogulira zidali zathu, sutikesi idali yathu, koma nkhope zonse n'za eni. Amalume athu ankadziwa za Hogan Bassey ndi Dick Tiger a ku Nigeria, omwe adatenga malamba a dziko lonse mu 1957 ndi 1962. Ankatchula Langton Tinago wa ku Zimbabwe. Ankamukonda Lottie Mwale wa ku Zambia ngati mwana wa pakhomo, mwina chifukwa cha dzina lakelo lomwe likumveka ngati la kwathu konkuno. Adasangalala pomwe adatenga lamba wa Commonwealth wa light-heavyweight ku Lusaka mu 1979, ndipo adagwa nkhope pomwe Matthew Saad Muhammad adamugwetsa m'ndime ya 4 ku San Diego mu 1980.

Nanga athu? Mamendulo atatu oyamba omwe dziko lino lidapata pa masewero a Commonwealth onse adadza ndi nkhonya, onse ndi a malo achitatu, ndipo onse adachokera mumzinda umodzi wa Edinburgh. Tatu Chionga adatenga yake mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe adatenga zawo mu 1986. Chaka cha 1986 chili ndi nkhani yakenso, chifukwa maiko ambiri a mu Africa adanyanyala masewerowo pokwiya ndi momwe boma la Margaret Thatcher linkanyengerera ulamuliro watsankho ku South Africa, pomwe Malawi adapita. Tangoganizani mnyamata wokwera m'bwalo atanyamula mbendera ya dziko lake, anzake a maiko oyandikana nawo atatsala kwawo. Ankamva bwanji? Atabwerako ndi mendulo adakafikira m'nyumba yotani? Nakasa akadakhala Mmalawi sakadaisiya nkhani imeneyi. Ife taisiya kwa zaka zonsezi, ndipo mukafunsa ana a sukulu pa Mponela lero kuti Tatu Chionga ndani, mudzamva ntchentche kuuluka.

Zifukwa zilipo ndipo n'zomveka. Kuyambira 1968 lamulo lidapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu pa chilichonse chosindikizidwa, ndipo wolemba wofuna kufotokoza umphawi wa katswiri wa dziko ankayenera kuyamba waganizira za Dzaleka, yomwe nthawi imeneyo idali ndende ya andale pakhomo pathu pomwepa m'boma la Dowa. Zosindikizidwa za m'Chichewa zidalinso zochepa ndipo chilichonse chidali ndi ntchito yake: Boma Lathu inkalankhulira boma, Kuunika inkalankhulira mpingo, pomwe Moni, yomwe idayamba mu 1964, idali ndi zambiri zoti ikwanitse m'masamba ochepa. Zamasewero zambiri zinkadutsira pa wailesi ya MBC, ndipo mawu a pawailesi amapita ndi mphepo. Koma ufulu wolemba tidaupeza mu 1994. Zaka zoposa 30 zapita, ndipo masamba a Chichewa a m'nyuzipepala zathu amatiuzabe yemwe wapambana ndi yemwe wagonja, basi. Tidatengera kaundula wa The Ring, diso la Drum tidalisiya m'sutikesi.

Wina asanamizire chinenero. Chichewa chili ndi chuma chomwe olemba a Chingerezi amachita kuchisakasaka. Ife tikati munthu adamenyedwa kuti phaa, adaima kuti njoo, maso ali tong'oo, kenaka adagwa kuti khuu, bwalo lonse n'kukhala chete kuti zii, wowerenga waona ndi kumva zonse popanda chithunzi. Tili ndi mawu osiyanitsa kutchinga, kuzinda, kulewa, kudzandira ndi kuwefuka. Aliyense yemwe adamvapo mkulu wa pamudzi akufotokoza ndewu ya padambwe kapena ya kudambo kobusa ng'ombe akudziwa kuti luso lofotokoza nkhonya tili nalo kale pakamwa. Chatsala n'kulitsitsira papepala.

Ena mwa anzanga olemba amati nkhonya ndi nkhanza chabe ndipo sizoyenera cholembera cha munthu wophunzira. Nkhanzayo sindiikana. Patangotha miyezi iwiri Jake Tuli atatenga lamba wake, Honoré Pratesi wa ku France adamwalira atamenyana naye ku London. Lottie Mwale adamwalira mu 2005 atadwala nthawi yaitali, manja omwe ankagwedeza Lusaka akunjenjemera. Komatu chimenechi ndicho chifukwa chake nkhonya zimafuna wolemba weniweni. Mtolankhani wa zigoli amachoka pabwalo woyimbira akangokweza dzanja la wopambana. Wolemba amatsata wogonja kuchipinda chovalira, amakwera naye minibasi, amakaona yemwe akumuthowa ndi madzi otentha, ndipo amafunsa kuti mwa ndalama zomwe anthu adalipira pakhomo zafika m'thumba mwake n'zingati. Mwana wa munthu wolemera samenya nkhonya kawirikawiri. Wolemba za nkhonya amalemba za umphawi, za ulendo ndi za thupi lomwe ndi chuma chokhacho chomwe mwini wake ali nacho, ndipo imeneyi ndi nkhani yomweyo ya amalume athu a ku Wenela.

Nkhani zoti tilembe sizidathe ndi akale. Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre mu 1987, adatsata njira yomweyo ya ku Joni, n'kudzafika pomenyana ndime zonse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 komanso ndi Dmitry Bivol ku America mu 2018, polimbirana malamba a dziko lonse. Adagonja pamapointi maulendo onse awiri, koma adatsiriza ali chiimire. Anisha Basheel adapita ku London mu 2018 n'kubwerako ndi lamba wa Commonwealth wa amayi wa sikelo ya lightweight, atathetsa nkhonyayo m'ndime yoyamba. Zambiri za anthu awiriwa zili pa intaneti, m'Chingerezi, zolembedwa ndi alendo, ndipo intaneti ilibe sutikesi. Ngakhale Drum yeniyeniyo idasiya kusindikizidwa papepala mu 2020.

Kwa anzanga osonkhanitsa mapepala akale ndili ndi pempho. Kutsidya kwa nyanja magazini otere amagulidwa chifukwa cha chikuto, amatsekeredwa m'pulasitiki ndipo mtengo wake umatsika munthu akangowatsegula. Athuwa alibe zikuto, ali ndi madontho a tiyi ndi mabowo a chiswe, choncho palibe adzatigule, ndipo nkwabwino kutero. Tiwasunge pamalo ouma, m'bokosi lachitsulo lotalikirana ndi khoma, ndipo pakapepala kapadera tilembe mudzi womwe tidawapeza, mgodi womwe mwini wake adagwirako ndi chaka chomwe adabwerera, pakuti zimenezi ndizo zimasandutsa magazini ya ku Johannesburg kukhala mbiri ya ku Ntchisi. Tikakalamba tiwapereke kosungira zolemba za dziko ku Zomba, ana asadzayatsire moto. Koma tisanatero tiwawerenge, tione pomwe olemba ake adalasa ndi pomwe adaphonya, kenaka titenge kope ndi cholembera tikafunefune omwe adavalapo magolovesi m'dziko muno, kapena abale awo, akadali ndi mawu oti atiuze.